Kompyuta Ikakana Kuyaka, Munthu Ayambire Pati?

M'malo otayipira makalata ndi kuchita fotokope, m'maofesi a sukulu ngakhalenso m'nyumba, chigamulo chimaperekedwa msanga: "Yapsa." Munthu wadina batani kawiri katatu, kompyuta ili duu, ndiye wayamba kale kufunsa mtengo wa ina, kapena kuitana wa kabaza kuti ainyamule kupita nayo kwa mmisiri.

Phuma lotereli limadya ndalama pachabe. Kompyuta ya pa desiki, ija ya bokosi lomwe ambiri amangolitcha CPU, imatseguka ndi masikuluwu awiri kapena kachogwirira kamodzi, ndipo zamkati mwake zimazuka chimodzichimodzi. Magetsi oiyendetsa amadutsa njira imodzi yodziwika: soketi, pulagi, chingwe, power supply, motherboard. Akaduka amadukira penapake pa njirayi, ndipo malo osavuta kukonza, otsikanso mtengo, ndi omwe ali koyambirira.

Kodi makompyuta onse okana kuyaka amadwala matenda amodzi?

Ayi. Mmisiri wodziwa ntchito yake amayamba wamvetsera ndi kuyang'ana asanagwire sikuludiraiva. Pali kompyuta yomwe imakhala zii, yopanda kanyali koyaka, yopanda phokoso la fani. Pali ina yomwe ikadinidwa fani imagwedezeka pang'ono, mwina kwa sekondi imodzi, n'kuima. Ndiye pali yachitatu, yomwe mafani amazungulira bwinobwino, nyali zikuyaka, koma sikirini ili bii.

Yoyambayo magetsi sakuifika, kapena akufika koma power supply yafa. Yachiwiri magetsi akuifika, koma power supply ikudzizimitsa yokha chifukwa yapeza shoti kapena yafooka. Yachitatu ndi yamoyo ndithu. Ikungolephera kumaliza mayeso omwe imadziyesa isanaonetse chithunzi, apo ayi vuto lili pa monita basi. Amene wasiyanitsa zitatuzi ntchito yamuchepera kale.

Ikakhala zii, choyamba kuona n'chiyani?

Khoma. Makompyuta ambiri abwinobwino amafika kwa amisiri chifukwa cha soketi yozimitsa, kapena mayunitsi omwe anatha usiku anthu ali m'tulo. Babu la m'chipinda likamayaka si umboni kuti soketi ili ndi moto, chifukwa m'nyumba zambiri mababu ndi masoketi ali pa mabreka osiyana. Njira yachidule ndi kulumikiza chinthu china pa soketi yomweyo, kaya tchaja ya foni kaya wailesi.

Kenako ekisitenshoni. Zotsika mtengo zija zimakhwepa mkati, bowo lina limagwira lina ayi, ndipo kanyali kake kofiira kamatha kuyaka pamene bowo la kompyuta lafa. Poyesa, kompyuta ilumikizidwe pakhoma mwachindunji, popanda ekisitenshoni, popandanso UPS, kabokosi ka batire kosungira magetsi.

Pulagi ya mano atatu, yomwe Malawi ndi Zambia anatengera ku Britain, ili ndi fyuzi mkati mwake, ndipo anthu ambiri amaiiwala. Ya 13A imalembedwa ndi utoto wabulawuni, ya 3A wofiira, ya 5A wakuda. Ikapsa, ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo. Chizolowezi chokulunga fyuzi yakupsa ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu n'choopsa kwambiri, chifukwa fyuzi ndi yomwe imateteza chingwe kuti chisagwire moto. Ndipo fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, imeneyo ndi nkhani yokwanira: mu power supply muli shoti, kuyesanso kachitatu n'kungoitana utsi.

Palinso mapulagi a mano awiri omwe amakakamizidwa kulowa m'soketi ya mano atatu, munthu atatsegula bowo lapamwamba ndi kamtengo kapena kiyi. Pulagi yotere imalendewera, imathetheka moto, ndipo ilibe waya wa earth. N'chifukwa chake mabokosi ena amaluma munthu akagwira chitsulo chake ali chosavala nsapato.

Chingwe chenichenicho nachonso chimaduka mkati. Mwayi wake ngwoti n'chofanana ndi cha mamonita ambiri ndi maprinta ena, choncho kusinthanitsa kumatenga mphindi imodzi. Kumbuyo kwa bokosi, pafupi ndi polowera chingwecho, nthawi zambiri pamakhala swichi ya zizindikiro ziwiri, O ndi I. Iyenera kukhala pa I. Osesa ndi ana amaikhudza osadziwa.

Nanga kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230 kamene kali pa makompyuta ena n'kachiyani?

Aka ndi koyenera kukaopa. Ku America magetsi a m'nyumba ndi 120V, pamene ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230V. Power supply zakale zimafuna kuuzidwa ndi dzanja kuti zili m'dziko la magetsi ati. Kompyuta yochokera ku America, kaya yogula kaya ya mphatso kusukulu kapena kutchalitchi, ikhoza kufika kaswichiko kali pa 115. Ikalumikizidwa choncho pa 230V pamamveka phuu, fungo la zopsa n'kudzaza chipinda, ndipo power supply yatha pomwepo. Kompyuta iliyonse yobwera kuchokera kunja iyenera kutembenuzidwa kaye n'kuona kumbuyo isanalawe magetsi a kuno.

Power supply zambiri zamakono zilibe kaswichi aka. Pa chomata chake pamalembedwa 100-240V, kutanthauza kuti zimadzisinthira zokha.

N'chifukwa chiyani makompyuta ambiri amafa magetsi akathima n'kubweranso?

Chifukwa kompyuta yozimitsa sikhala yozimiratu. Malinga ngati chingwe chili pakhoma, kachigawo kena ka power supply kamakhala maso usana ndi usiku, kakutumiza 5V ku motherboard kudzera pa waya wapepo, kuti batani likadinidwa pakhale womva. Kachigawo kameneka ndi komwe kamalandira chilichonse chobwera pa mawaya: magetsi ofooka, magetsi obwera mwamphamvu, kuthimathima kwa masekondi ochepa.

Ku Malawi zoterezi si zachilendo. Magetsi ambiri amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthima kwa magetsi kunali kwa tsiku ndi tsiku. Kuthima ndi kuyaka kulikonse ndi nkhonya kwa zipangizo zomwe zasiyidwa pakhoma. M'dzinja pamawonjezeka chiphaliwali, chomwe sichilowera pa chingwe cha magetsi chokha. Chimatha kudzera pa waya wa netiweki wochokera ku rauta kapena ku nyumba ina, n'kuwotcha motherboard power supply ili bwinobwino.

Koma si nthawi zonse pamene pamakhala papsa kanthu. Power supply ili ndi chitetezo chomwe chimaitseka ikaona zachilendo, ndipo nthawi zina imakhalabe yotseka ngakhale magetsi atakhazikika. Mankhwala ake ndi aulere: kuzula chingwe pakhoma, kudina batani loyatsira n'kuligwira kwa masekondi 20 kapena 30 kuti magetsi otsalira mkati athe, kenako kubwezera chingwe n'kuyatsa. Makompyuta ambiri omwe anali ataliridwa kale amadzuka pamenepa.

Zonsezi zikalephera, angadziwe bwanji kuti power supply ndi yomwe yafa?

Power supply ndi kabokosi kachitsulo komwe chingwe cha pakhoma chimalowamo. Ntchito yake ndi kusandutsa 230V kukhala magetsi ang'onoang'ono atatu: 12V pa mawaya achikasu, 5V pa ofiira, ndi 3.3V pa a olenji. Akuda onse ndi obwezera. Dongosolo limeneli limatchedwa ATX, ndipo linayambitsidwa ndi kampani ya Intel mu 1995. Poyamba pulagi yake yaikulu inali ya mapini 20, kenako inakula kufika pa 24.

Chizindikiro choyamba chimaoneka bokosi likangotsegulidwa. Motherboard zambiri zili ndi kanyali kakang'ono komwe kamayaka chingwe chikangolowa pakhoma, kompyuta isanayatsidwe. Kakayaka ndiye kuti 5V ya pa waya wapepo ija ikufika. Pa motherboard yomwe kanyaliko kalipo koma kali kozima, diso lipite pa power supply.

Mayeso odziwika kwambiri amachitika ndi kawaya kopanira mapepala. Chingwe chizulidwe kaye pakhoma. Mapulagi onse a power supply achotsedwe pa motherboard ndi pa madisiki. Pa pulagi yaikulu ija pali waya mmodzi yekha wobiriwira, amene pa pulagi ya mapini 24 amakhala pa pini 16. Kawaya kaja kapindidwe, mbali imodzi ilowe m'bowo la waya wobiriwirayo, ina m'bowo la waya wakuda aliyense. Kenako chingwe chibwerere pakhoma. Chimene munthu wachita apa ndi chomwe motherboard imachita batani likadinidwa, kulamula power supply kuti iyambe ntchito. Fani yake ikazungulira, ili moyo. Ikangoti duu, yafa.

Pali misampha iwiri. Power supply zina zapamwamba sizizunguza fani yake pokhapokha zitatentha, choncho ndi bwino kulumikizapo fani ina ya bokosi kapena disiki yakale yopanda ntchito kuti pakhale choonera. Msampha wachiwiri ngwoti kuzungulira kwa fani kumangosonyeza kuti ili moyo, osati kuti ili bwino. Apa mpofunika multimeter. ATX imalola kusiyana kwa magawo 5 pa 100 okha, ndiye kuti waya wachikasu azionetsa pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira pakati pa 4.75 ndi 5.25, wa olenji pakati pa 3.14 ndi 3.47. Palinso waya wotuwa, womwe power supply imauzira motherboard kuti magetsi akhazikika. Uthenga umenewu ukapanda kufika, motherboard siyamba ntchito ngakhale mafani akuzungulira. Ndipo power supply yokalamba imatha kuonetsa manambala abwino ili yokha, n'kugwa ikangosenzetsedwa katundu. N'chifukwa chake amisiri amasunga power supply imodzi yodziwika kuti ndi yabwino, yongoyesera. Mayeso oposa amenewo palibe.

Kodi mayeso a kawayawa amatheka pa kompyuta iliyonse?

Ayi, ndipo apa mpofunika kusamala, chifukwa makompyuta ambiri omwe ali m'maofesi ndi m'masukulu a kuno ndi a Dell ndi HP ogwiritsidwapo ntchito kunja. Ambiri mwa iwo satsatira ATX. Dell OptiPlex 9020, mwachitsanzo, ili ndi pulagi ya mapini 8, pamene HP Compaq 8000 Elite ili ndi ya mapini 6. Mitundu ya mawaya ake siyifanana ndi yomwe yatchulidwa pamwambapa, ndipo kulumikiza mabowo mongoganizira kungawononge chomwe chinali chabwino.

Dell anapereka njira yake. Kumbuyo kwa power supply za OptiPlex zambiri kuli kabatani kakang'ono ndi kanyali. Kabataniko kakadinidwa, kanyali n'kuyaka mobiriwira fani ikuzungulira, power supply ili bwino. Kanyali kakapanda kuyaka, mapulagi onse a mkati azulidwe n'kuyesanso. Kakayaka tsopano, ndiye kuti power supply inalibe mlandu, pali chipangizo china chomwe chimaikoka. Batani loyatsira la makompyutawa nalonso limalankhula: likamaphethira ndi kuwala kwa olenji, kawerengedwe ka kuphethirako kamasonyeza komwe kuli vuto, ndipo tanthauzo lake limapezeka m'buku la mtundu umenewo pa intaneti.

Pogula ina, power supply ya makompyuta otere iyenera kufanana ndi yakaleyo. Nzeru yabwino ndi kunyamula yakufayo popita kusitolo.

Munthu angatsegule power supply n'kuikonza yekha?

Asayerekeze. Mkati mwake muli makapasita aakulu omwe amasunga magetsi opitirira 300V, ndipo amatha kuwasungabe chingwe chitazulidwa kale. Mbali zina zonse za kompyuta zimayendera 12V kutsika m'munsi, koma kabokosi aka kokha kangathe kupha. Amisiri a mawailesi ndi ma TV ena amazikonza, chifukwa amadziwa kukhuthula magetsiwo asanagwire. Kwa wina aliyense, yakufa ndi yosintha.

Posintha, mtengo wotsikitsitsa ndi wokayikitsa. Pali power supply zopepuka m'manja zolembedwa manambala aakulu omwe sizingawakwanitse, ndipo zikamafa zimatha kutenga motherboard ndi disiki. Kompyuta ya mu ofesi yopanda khadi lalikulu la zithunzi imakhutira ndi 300W yeniyeni. Kwa omwe ali ndi power supply za mawaya ochotseka, mawaya a kampani ina asalowetsedwe pa ina ngakhale akukwana, chifukwa kalumikizidwe ka mkati kamasiyana.

Power supply ili bwino koma kompyuta idakali zii. Kwatsala chiyani?

Batani lenilenilo. Ndi kaswichi kotchipa komwe kamatha ndi kudinidwa, ndipo timawaya take tiwiri timathera pa timapini tiwiri ta m'mphepete mwa motherboard, tolembedwa PWR_SW kapena PW. Timatha kuzuka bokosi likasunthidwa, kapena kudyedwa ndi makoswe. Poyesa, kapulagi kake kachotsedwe, kenako nsonga ya sikuludiraiva ikhudze timapini tiwirito nthawi imodzi kwa kamphindi. Apa pali magetsi ochepa kwambiri, osaopsa, bola chitsulo chisakhudze kwina. Kompyuta ikayaka, ndiye kuti batani ndi lomwe lafa. Ngati bokosi lili ndi batani la Reset, timawaya take tikhoza kulowetsedwa pa timapini tomweto, n'kumayatsira pamenepo mpaka batani lina litapezeka.

Nanga ija imene fani imangogwedezeka n'kuima?

Imeneyi imafuna kuleza mtima. Power supply ikuyamba, ikupeza kuti penapake magetsi akuthawira pomwe sayenera, ndiye ikudzitseka kuti pasapse kanthu. Ntchito ndi kupeza chomwe chikuikoka, ndipo njira yake ndi kuchotsa zonse zomwe kompyuta ingayake popanda izo.

Kuyambira kunja: printa, ma flash, kiyibodi, mawusi, zonse zizulidwe. Kenako tochi ya foni iwunike m'mabowo a USB, makamaka akutsogolo omwe aliyense amalowetsamo flash yake. M'malo a fotokope mabowo amenewa amazunzika kwambiri. Kapulasitiki ka pakati kakathyoka, timano tachitsulo timapindika n'kukhudzana, ndipo bowo limodzi lokha lotere limatha kuletsa kompyuta yonse kuyaka. Kuzula waya wa mabowo akutsogolowo pa motherboard kumathetsa nkhani.

Mkati, chingwe chitazulidwa pakhoma ndipo munthu atagwira kaye chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke, achotse hard disk, makina a DVD, makadi onse owonjezera ndi mafani a bokosi. Patsale motherboard, processor ndi fani yake, RAM imodzi ndi power supply. Ikayaka choncho, zinthu zibwezeredwe chimodzichimodzi, kuzimitsa nthawi iliyonse, mpaka chomwe chikuizimitsa chidziulule.

Zomwe zimapezeka m'mabokosiwa n'zambiri. Kompyuta ndi malo ofunda, amdima, choncho mphemvu, nyerere ndi nalimata zimaikonda, ndipo nalimata mmodzi wouma atagona pa mawaya ndi wokwanira kupanga shoti. Fumbi la m'chilimwe likakumana ndi chinyezi cha m'dzinja limasanduka kamatope komwe kamadutsa magetsi. Sikuluwu yomwe inagwera kuseri kwa motherboard imachitanso chimodzimodzi. Pa kompyuta yomwe yangomangidwa kumene, timiyendo tachitsulo tomwe motherboard imakhalapo tikaikidwa pamalo olakwika timakhudza kunsi kwake. Amisiri akakayika amaitulutsa motherboard m'bokosi, kuiika pa katoni youma, n'kuiyatsira pomwepo.

Mafani akuzungulira, nyali zikuyaka, koma sikirini ilibe kanthu. Apa bwanji?

Monita iyesedwe kaye payokha: kanyali kake kakuyaka? Chingwe cha VGA kapena HDMI chalowa bwino mbali zonse? Pa kompyuta yokhala ndi khadi la zithunzi lapadera, chingwecho chiyenera kulowa pa khadilo, mabowo a m'munsi aja, osati pa mabowo a motherboard. Kompyuta ikasamutsidwa ofesi, cholakwika ichi chimachitika kawirikawiri.

Monita ikakhala yabwino, wokayikiridwa woyamba ndi RAM. Kugwedezeka kwa pa msewu, fumbi ndi chinyezi zimachititsa kuti timano take tagolide tisagwire bwino. Ichotsedwe potsegula timaloko ta m'mbali, timanoto tipukutidwe mofatsa ndi labala wa pensulo, zinyenyeswa zichotsedwe, kenako ibwezeredwe mpaka imveke kuti thapu. Ngati zilipo ziwiri kapena zinayi, iyesedwe imodzi imodzi, m'mabowo osiyanasiyana. Pulagi ya mapini 4 kapena 8 yomwe imadyetsa processor, ya mawaya achikasu ndi akuda, ionedwenso. Ikaiwalika, mafani amazungulira koma palibe chimachitika.

Kompyuta imayesetsa kunena chomwe chaivuta. Zokhala ndi kasipika mkati zimalira: kulira kumodzi kwakufupi nthawi zambiri ndi kunena kuti zonse zili bwino, pamene kulira kobwerezabwereza ndi dandaulo. Pa BIOS ya kampani ya Award (BIOS ndi pulogalamu ya pa motherboard yomwe imayesa kompyuta ikamayaka), kulira kumodzi kwakutali ndi kuwiri kwakufupi kumaloza ku khadi la zithunzi, koma kampani iliyonse ili ndi kaliridwe kake. Motherboard zambiri zatsopano za Asus, MSI ndi Gigabyte zili ndi tinyali tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo komwe katsala koyaka ndi komwe mayeso aimira.

Kwa omwe agula kompyuta yatsopano ya RAM ya DDR5, kuyatsa koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda, pamene motherboard ikuyesa RAM-yo. Ingofunika kuidikira.

Kodi kabatire kakang'ono ka pa motherboard kangaletse kompyuta kuyaka?

Kawirikawiri kakatha mphamvu kompyuta imangoiwala tsiku ndi nthawi. Koma pa makompyuta ena kamachititsa kuti isayake n'komwe, kapena iziyaka n'kuzima. Ndi kabatire kozungulira ngati kobiri, ka 3V, kolembedwa CR2032, komwenso kamapezeka m'makiyi ena a galimoto ndi m'masikelo. Kompyuta yomwe yakhala nthawi yaitali yosalumikizidwa ku magetsi, monga ya m'sitolo ya katundu kapena ya kusukulu yomwe ilibe magetsi odalirika, imakadya msanga. Kukachotsa kwa mphindi zingapo chingwe chili chozula kumabwezeranso BIOS momwe inachokera kufakitale, zomwe zimathandiza ngati wina anasinthamo zinthu molakwika.

Motherboard yakufa imadziwika bwanji?

Imadziwika pomaliza, zina zonse zitayesedwa. Koma maso ndi mphuno zimathandiza. Malo akuda opserera, fungo la pulasitiki yopsa, kapena dzimbiri lobiriwira la chinyezi ndi zizindikiro zoipa. Makapasita, timigolo ting'onoting'ono tozungulira processor, ayenera kukhala athyathyathya pamwamba. Akatupa kapena kutulutsa zinthu zabulawuni, atha.

Vuto la makapasita lili ndi mbiri yake. Kuyambira cha m'ma 1999 mpaka cha m'ma 2007, mamiliyoni a makapasita opangidwa ndi madzi a mkati olakwika analowa m'makompyuta a makampani ambiri, n'kumatupa patangopita zaka zochepa. Dell OptiPlex GX270 ndi GX280 zinatchuka nazo, ndipo mu 2005 Dell inapatula ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni zokonzera makompyuta okhudzidwa. Mmisiri wodziwa kuwotcherera amatha kusintha makapasita otupa, motherboard n'kudzukanso, ndipo mtengo wake umachepa kwambiri poyerekeza ndi kugula ina.

Kodi UPS, inveta ndi jenereta zimateteza kapena zimawononga?

Zonse ziwiri zimatheka. UPS yaing'ono imakhala ndi batire la 12V, kawirikawiri la 7Ah, lomwe limakhala zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo kumalo otentha ngati ku Chigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja limatha msanga kuposa pamenepo. Batire likafa, UPS zina zimakana kutulutsa magetsi ngakhale pakhoma alipo, mlandu n'kugwera kompyuta. Printa ya laser isalumikizidwe pa UPS yaing'ono, chifukwa ikamatenthetsa imakoka magetsi ochuluka kuposa omwe UPS ingapereke.

Mainveta otchipa a sola amatulutsa magetsi osasalala, ndipo power supply zina zamakono zimalira kapena kuzima zikapatsidwa magetsi oterewa. Inveta yolembedwa pure sine wave ndi yomwe imagwirizana nazo. Jenereta ilizidwe kaye n'kukhazikika kompyuta isanalumikizidwe, ndipo kompyuta izimitsidwe mafuta asanathe, chifukwa jenereta ikamatsomokola magetsi ake amakwera ndi kutsika. Timabokosi tija totchedwa TV guard timathandiza pochedwetsa magetsi akangobwera, mpaka atakhazikika. Koma kukagunda mabingu, chitetezo chodalirika ndi kuzula chingwe cha magetsi ndi cha netiweki.

Nanga mafayilo? Kompyuta ikafa nawonso apita?

Nthawi zambiri ayi, ndipo ichi ndi chomwe mwini kompyuta ayenera kumva msanga, chifukwa mantha ake enieni amakhala pa malipoti a ana asukulu, maakaunti a bizinesi kapena zithunzi za ukwati. Mafayilo amakhala pa hard disk kapena SSD, ndipo power supply kapena motherboard ikafa, disiki kawirikawiri imatsala yamoyo. Imachotsedwa n'kulumikizidwa pa kompyuta ina, mwachindunji kapena ndi kachingwe ka SATA kopita ku USB. Ngati disikiyo inatsekedwa ndi BitLocker ya Windows, pamafunika kiyi ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake kapena kwa a IT a pa ntchito.

Ndi liti pamene ndi bwino kuitengera kwa mmisiri?

Pakamveka fungo la zopsa, pakaoneka utsi, bokosi likamaluma, kapena soketi, chingwe, batani ndi RAM zitayesedwa popanda kusintha. Kompyuta yomwe idakali pa waranti isatsegulidwe n'komwe, ibwerere komwe inagulidwa.

Popita kwa mmisiri, mwini wake anene zomwe zinachitika isanafe: kunagwa mvula ya mabingu, magetsi anathima, inasamutsidwa, kapena wina analowetsamo chipangizo chatsopano. Anenenso zomwe wayesa kale. Mmisiri akanena kuti motherboard yapsa, si mwano kupempha kuti ayese kaye ndi power supply ina mwini wake akuona, ndiponso kuti chipangizo chomwe chasinthidwa chibwezedwe kwa mwini. Nambala ndi kukula kwa RAM ndi disiki zilembedwe kapena zijambulidwe pa foni bokosi lisanasiyidwe. Ndipo popeza kompyuta yosayaka siikhala ndi vuto la Windows, palibe chifukwa choti disiki ifufutidwe. Mwini wake anene momveka kuti asaipange format, kapena aichotse n'kupita nayo kunyumba, chifukwa mmisiri safunikira disiki kuti aone ngati kompyuta ikuyaka.